Kamawu ka mmawa: mmene ndimakonzera ine, nanunso mukhoza kuyesa

Amayi angapo a ku Mvano komanso achinyamata ena a kwaya akhala akundifunsa kuti timauthenga ta mawu a Mulungu tija ndimatumiza pa gulupu ya WhatsApp mmamawa ndimatitenga kuti, ena mpaka amaganiza kuti pali buku lina lake lomwe ndimangokopera. Ayi abale, ndimalemba ndekha, ndipo sindinaphunzireko zaubusa ku Zomba Theological College kapena kwina kulikonse, ine ntchito yanga ndi yosoka, makina anga amakhala pakhonde la golosale ina kuno ku Chinamwali. Nde mmalo moyankha mmodzimmodzi ndati ndilembe zonse pamodzi, kuti amene mwapatsidwa sabata yanu yotumiza mawu pa gulupu ya mpingo, ya mphakati, ya kuntchito, olo amene mukungofuna kuwerenga ndi ana pakhomo asanathamangire ku sukulu, mukhale ndi poyambira.

Ndiyambe ndi chimene ndimakhulupirira pa nkhaniyi chifukwa zina zonse zikuchokera pamenepo. Kamawu ka mmawa si ulaliki. Ulaliki ndi wa kutchalitchi, munthu wasamba, wakhala pa benchi, ali ndi nthawi yomvetsera. Koma amene akutsegula uthenga wanu 5 koloko mmawa ndi mayi amene akukoleza mbaula dzanja lina lili pa foni, ndi wakabaza amene akudikira kasitomala woyamba pa siteji, ndi nesi amene wagwira ntchito usiku wonse maso ali gwa. Anthu amenewa akufunika kachakudya ka tsiku limenelo basi. Mukumbukire mana mu Eksodo 16, Aisraeli anauzidwa kutola okwanira tsiku limodzi, ndipo amene anasungako ena kuti adye mawa anawapeza atagwa mphutsi ndi kununkha. Ine kamawu ka mmawa ndimakaona choncho, kochepa, ka lero, koti munthu akanyamule mmutu mpaka madzulo ndipo achitepo kanthu.

Konzani usiku, osati mmawa womwewo

Ichi nchoyamba ndipo ambiri amagwera pamenepa. Mukadikira kuti mudzuke kaye ndiye muyambe kusaka vesi, mupeza magetsi anazima usiku, foni yatha moto, mwana akufuna phala, nde mapeto ake mungotenga uthenga umene wina anakutumizirani nkuuponya pa gulupu osauwerenga nkomwe. Ine ndimakhala pansi tikatha kudya nsima ya madzulo, mbale zitatsukidwa, mphindi 20 kapena 30 zimandikwanira. Ndimalemba mu kope kaye ndi bolopeni, kope wamba la ana a sukulu lija, foni ili patali, chifukwa foni ikakhala mmanja umati ungoonako uthenga umodzi kenako wapezeka uli pa Facebook nthawi yapita.

Musanatsegule Baibulo pempherani, mawu awiri atatu, kuti Mulungu ayambe walankhula ndi inuyo. Kenako ganizirani munthu mmodzi weniweni wa pa gulupu panu, osati kuti mumulembe dzina ayi, koma kuti nkhope yake ikhale patsogolo panu pamene mukulemba. Ine kawirikawiri ndimaganizira mayi wina wamasiye amene amagulitsa tomato mu msika waukulu wa mtauni, ndimadzifunsa kuti akawerenga zimenezi ali pa benchi yake azimva? zimuthandiza chani lero? Mukalembera "anthu onse" mawu amatuluka ozizira ngati chilengezo.

Baibulo liti

Funso ili limabwera kwambiri. Mu Chichewa tili ndi mwayi chifukwa alipo angapo. Buku Lopatulika ndi lakale lija, linatuluka lathunthu mu 1922, ndi lomwe ambiri a ife tinakulira ndipo mavesi amene tinaloweza ku Sande sukulu ali mmawu ake. Akatolika anali ndi Malembo Oyera la 1966. Kenako mu 1998 kunabwera Buku Loyera lomwe mipingo inamasulira limodzi, Chichewa chake ndi chapafupi ndi mmene timayankhulira, ndipo muona kuti pamene Buku Lopatulika likuti Yehova ilo likuti Chauta. Palinso Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero lomwe achinyamata ambiri amaliwerenga pa foni mu app ya YouVersion.

Malangizo anga ndi oti werengani ndime yanu mu awiri ngati mungathe. Buku Lopatulika lili ndi kulemera kwake, mawu ake amakhala mumtima, koma pena pamakhala mawu oti mwana wa masiku ano sawadziwa, nde mukawerenganso mu Buku Loyera pamatseguka. Ngati muli ndi limodzi lokha musadandaule, gwiritsani lomwelo, bola muziwerenga mofatsa. Chimene sindimakonda ndi kutumiza vesi la Chingerezi pa gulupu yomwe theka la anthu ndi amayi akuluakulu, amangoyankha Amen mwaulemu koma sanamve kanthu.

Sankhani buku limodzi nkumayenda nalo

Kutsegula Baibulo mwachisawawa nkuloza chala pamene chagwera, chonde siyani. Njira ina yomwe imatopetsa ndi yomangozungulira pa mavesi khumi omwe omwewo amene aliyense amawadziwa. Tengani buku limodzi muziyenda nalo pang'onopang'ono, mawa mukuyambira pamene mwalekezera lero, mukatero funso loti "nditumize chani" latha kale.

Kwa oyamba kumene ine ndimati yambani ndi Marko, ali ndi machaputala 16 okha ndipo nkhani zake ndi zazifupi zothamanga, kankhani kamodzi pa tsiku kakukwanirani miyezi iwiri mpaka kuposa. Miyambo ili ndi machaputala 31, nde mwezi wa masiku 31 mukhoza kuwerenga chaputala cholingana ndi deti nkusankhamo vesi limodzi, mmenemo muli za ngongole, ulesi, lilime, mowa, kulera ana, malonda, zonse za pakhomo ndi pamsika. Yakobo ali ndi machaputala 5 koma ndi wolasa kwabasi. Rute ndi machaputala 4, abwino kwambiri pa gulupu ya amayi chifukwa muli umasiye, njala, apongozi ndi mtengwa, kukunkha mmunda mwa eni. Masalimo alipo 150, amenewa ndimawasungira masiku ovuta, ndifotokoza kumapetoku. Chivumbulutso ndi Danieli musayambire pamenepo, si kuti ndi oipa ayi, koma safotokozeka mmizere isanu ndipo mukhoza kuwopseza anthu pachabe.

Werengani za pamwamba ndi za pansi pa vesi lanu

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene mtima wanga umawawa kwambiri ndikamaona mauthenga ena akuzungulira mmafoni. Vesi lili ngati kachidutswa ka nsalu, ine monga telala mukandibweretsera kachidutswa kokha sindingadziwe ngati kachoka pa kolala kapena pa thumba mpaka nditaona chovala chonse. Nde musanalembe kalikonse werengani chaputala chonse chimene vesi lanu lilimo, ndipo mudzifunse mafunso atatu awa, akuyankhula ndi ndani, akuuza ndani, ndipo anthuwo zinthu zinali bwanji pa nthawiyo.

Tengani Yeremiya 29:11, vesi lija la malingaliro abwino amene Mulungu ali nawo pa anthu ake. Timalikonda tonse, timalilemba pa makadi a ukwati ndi a ana olemba mayeso, ndipo ena amalitumiza ngati kuti likunena kuti mwezi uno usanathe zako ziyenda. Koma bwererani mmbuyo pang'ono muone. Imeneyi ndi kalata yopita kwa anthu amene anatengedwa ukapolo ku Babulo, ndipo vesi 10 likuti akhala kumeneko zaka 70. Zaka 70 abale, ndiye kuti ambiri amene anamva kalatayo ikuwerengedwa anafera konko. Ndipo pa vesi 5 mpaka 7 akuuzidwa kuti amange nyumba, alime minda, akwatire, abereke ana, apempherere mzinda umene akukhalamo. Mwaona mmene uthenga wasinthira? Kwa mnyamata amene anamaliza digiri pa Chanco zaka zitatu zapitazo ndipo mpaka lero akuyenda ndi envulopu ya ma CV, kumuuza kuti "sabata ino ulandira foni" ndi kumunamiza, sabata ikatha foni osabwera ayamba kukayikira Mulungu pa chinthu chimene Mulungu sananene. Koma kumuuza kuti Mulungu sanakuyiwale olo kudikira kutalike, ndipo pamene ukudikirapo dzala kadimba, phunzira luso, khala moyo pomwe ulipo, amenewo ndi mawu oti akhoza kuyimapo.

Chimodzimodzi Afilipi 4:13, lija loti ndikhoza zonse mwa Iye wondipatsa mphamvu. Paulo analemba ali mndende, ndipo mavesi awiri a pamwamba pake akunena kuti anaphunzira kukhala wokhutira kaya wakhuta kaya ali ndi njala, kaya ali nazo kaya akusowa. Nde "zonse" zimenezo muli ndi kugona ndi njala momwe osataya chikhulupiriro. Mu February pamene ufa wavuta mmakomo ambiri, vesi limeneli likawerengedwa bwino limagwira munthu dzanja kuposa mmene timaligwiritsira pa mpira ndi pa mayeso.

Mukapeza pena pamene simukumvetsa, musapeke. Afunseni abusa, a katekisiti kapena mkulu wa mpingo amene mumamudalira, olo dumphani kaye ndimeyo mudzabwererenso. Anthu a ku Bereya pa Machitidwe 17:11 anayamikiridwa chifukwa ankafufuza mmalembo tsiku ndi tsiku ngati zimene ankamva zinali zoona, ndipo amene ankamufufuzayo anali Paulo weniweniyo, nanji ife.

Mawuwo ayambe akulasani inuyo

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira, chifukwa ndi tsiku limene ndinaphunzira sitepe imeneyi. Tinali mu Yakobo ndipo ndinafika pa chaputala 5 vesi 4, pamene akunena za malipiro a anthu ogwira ntchito mmunda amene eni munda anawakaniza, kuti malipirowo akufuula ndipo kulira kwa okololawo kwafika mmakutu a Ambuye. Mtima wanga unathamangira kwa makasitomala anga. Inali nthawi yotsegulira sukulu, anthu atenga ma yunifolomu a ana nkumati tibweretsa kumapeto kwa mwezi, ena a iwo ali pa gulupu yomweyo, nde ndinati eya lero amva. Ndinayamba kulemba ndithu, mawu akubwera mosavuta.

Kenako ndinatsatira kavesi kolozera kwina kamene kanali mmunsi, kananditengera ku Deuteronomo 24:14-15, pamene akuti waganyu wosauka umulipire tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe chifukwa mtima wake uli pa ndalama imeneyo. Bolopeni inayima. Pali mnyamata amene amandinyamulira makina pa wilibala, mmawa kupita nawo ku golosale madzulo kubwera nawo kunyumba, ndipo anali atagwira masiku atatu ine ndikungomuuza kuti mawa, chenje palibe. Ndalama ndinali nayo, ndinkaisungira ulusi ndi ma zipi. Mwana uja amasamala agogo ake. Usiku umenewo tulo sitinabwere bwino, mmawa ndinamudikira pa geti, ndinamupatsa yonse nkumupepesa, ndipo uthenga ndinautumiza mochedwa cha mma 7 nditaulembanso wonse.

Nde lamulo langa kuyambira pamenepo ndi ili, ndikaona kuti pamene ndikuwerenga vesi mmutu mwanga mwabwera dzina la munthu wina woti "amve", ndimadziwa kuti sindinakonzeke kulemba. Yakobo yemweyo pa chaputala 1 akufanizira mawu a Mulungu ndi kalilole, ndipo kalilole umayamba wadziyang'anira wekha. Dzifunseni kuti ndimeyi ikundiuza kuti ndisiye chani, ndiyambe chani, ndikapepese kwa ndani, kapena ikunditonthoza pa chani. Yankho limenelo ndi lomwe likhale mtima wa uthenga wanu.

Pezani chinthu chimodzi cha moyo wa tsiku ndi tsiku

Chimodzi chokha. Ndime imodzi ikhoza kukhala ndi mfundo zisanu zabwino, sankhanipo imodzi zinazo zilembeni kumapeto kwa kope mudzazigwiritsa ntchito tsiku lina. Ndipo mfundoyo muyimangirire pa chinthu choti munthu wa kuno akhoza kuchiona ndi maso. Miyambo 11:1 ikunena za sikelo yachinyengo kuti Mulungu amanyansidwa nayo, musangoti "tikhale achilungamo", nenani za sikelo ya mavenda ogula chimanga ndi nandolo kumudzi, nenani za mbale yoyezera mpunga wa ku Chilwa yomwe pansi pake anaigogoda kuti ilowe mkati, nenaninso za telala amene amasungako kansalu kotsala osamuuza mwini wake. Miyambo 22:7 ikuti wokongola amakhala kapolo wa womukongoza, pamenepo aliyense amene analowapo mu katapila kapena anatenga ya banki mkhonde kuti abweze ya banki mkhonde ina amva nthawi yomweyo. Aefeso 4:26 ya dzuwa lisalowe muli chikwiyire, imeneyo ndi ya anthu awiri ogona bedi limodzi atafulatirana, ndi ya oyandikana nyumba amene anayambana pa mpopi.

Zitsanzo zili ponseponse mukangotsegula maso, mu minibasi ya ku Songani, pa mzere wa kuchigayo, pa chipatala podikira dokotala, pa msika wa Thondwe. Ine zambiri ndimazitola pakhonde pomwe ndimasokerapo. Koma chenjerani, nkhani ya munthu imene anakuuzani mwachinsinsi si chitsanzo, olo mutachotsa dzina, Zomba ndi yaing'ono anthu amalumikiza okha.

Tsopano lembani

Kalembedwe kanga kali ndi tizigawo tinayi ndipo sindimasintha kawirikawiri. Moni ndi pamene tikuwerenga, buku chaputala ndi vesi, kuti munthu akatsegule yekha. Kenako zimene ndimeyo ikunena mmawu anga, mizere iwiri itatu. Kenako pamene ikukhudza moyo wathu, ndi funso limodzi kapena chochita chimodzi cha lero lomwe. Pomaliza kapemphero kakafupi. Zonse pamodzi zisapitirire mawu 120 kapena 150, muyeso wosavuta ndi woti uthenga ukafika poti WhatsApp yaudula nkulemba Read more ndiye kuti mwatalikitsa, ambiri sadina pamenepo. Uthenga wa tsiku lija la mnyamata wa wilibala unali chonchi:

"Mwadzuka bwanji abale. Lero tiwerenge Deuteronomo 24:14-15 ndi Yakobo 5:4. Mulungu akuti waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, chifukwa mtima wake uli pa ndalama imeneyo. Kwa ife K3,000 ikhoza kudikira mpaka Lachisanu, koma kwa amene watipalira kumunda kapena kutichapira, imeneyo ndi ufa ndi bonya wa usiku uno. Ine ndinali ndi ngongole yotereyi mpaka mmawa uno, ndalipira ndipo ndapepesa. Kodi alipo amene akudikira thukuta lake kwa inu? Mufikeni dzuwa la lero lisanalowe. Ambuye tikhululukireni pamene tagoneka ana a anzathu ndi njala ndalama yawo ili mthumba mwathu, tipatseni mtima wolipira msanga. Amen."

Mukamaliza werengani mokweza, pakamwa penipeni osati mumtima. Pamene lilime lakodwa pakonzeni. Mawu akuluakulu a paguwa amene simumayankhula mukamacheza ndi mnzanu achotseni, lembani mmene mungamuuzire mchemwali wanu muli pa mkeka. Onaninso nambala ya chaputala ndi vesi kawiri, kulakwitsa nambala kumachitika kwambiri ndipo munthu akatsegula nkupeza zina amasokonezeka.

Zoti musaikemo

"Lembani Amen kuti mulandire", "tumizani kwa anthu 10 muone chozizwa", "amene anyalanyaze uthengawu aona zakuda", izi abale si za mu Baibulo, ndi kuwopseza anthu ndipo zimafanana ndi zithumwa. Madalitso a Mulungu sagulidwa ndi kutayipa. Musalonjezenso mmalo mwa Mulungu zinthu zimene sananene, za galimoto, za visa, za ukwati chaka chino. Ndale zisiyeni panja, pa gulupu pali anthu a zipani zosiyana ndipo onse akufunika mawu. Kunyoza mipingo ina kapena anzathu achisilamu ayi, kuno tikukhala nawo khomo ndi khomo, ena ndi achibale athu enieni, timakumana pa maliro ndi pa zikwati, ndipo uthenga ukhoza kutuluka pa gulupu nkufika pa foni yawo.

Ndipo ngati muli ndi mangawa ndi munthu, Mateyu 18:15 akuti pitani mukakambirane muli awiri. Kumubaya ndi vesi pa gulupu anthu 60 akuona, yekhayo amadziwa kuti akunena ine, ndipo kuyambira tsiku limenelo mauthenga anu onse aziwawerenga ndi mtima wotseka.

Zithunzi za maluwa zonyezimira ndi mavidiyo zimadya bandulo ya anthu, ena amagula ya tsiku limodzi yokha, mawu olemba okha amatseguka olo netiweki ikuvuta ngati mmene imachitira kumadera ena a ku Jali ndi kunyanja.

Kutumiza

Sankhani nthawi imodzi nkuisunga, ine ndi pakati pa 5 ndi hafu 5. Yesu mwini pa Marko 1:35 anadzuka kusanache nkupita kwayekha kukapemphera, nde mmawa uli ndi ubwino wake, koma musatumize 3 koloko usiku mafoni kulira mmanyumba mwa anthu. Ngati pa gulupu pali amayi amene maso anafooka kapena kuwerenga kumawavuta, jambulaninso voice note ya mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka mukuwerenga uthenga womwewo, pang'onopang'ono, wailesi mutazimitsa. Mayi wina wachikulire anandiuza kuti amayika voice note pa sipika nkumamvera limodzi ndi zidzukulu akumwa tiyi, kuyambira pamenepo sindidumphitsa.

Amene mukuchitira pakhomo opanda foni, ndondomeko ndi yomweyi, kungoti mwana mmodzi awerenge vesi, inu mufotokoze mwachidule, mufunse funso limodzi loti ana ayankhe, wina apemphere. Mphindi zisanu zakwana, mukatalikitsa ana achedwa ku sukulu ndipo ayamba kudana nayo nthawi imeneyi.

Mukatumiza musakhale mukuwerenga ma Amen kuti abwera angati. Masiku ena amayankha anthu atatu okha, koma pakapita milungu wina amakupeza pa msika nkukuuza kuti mawu aja a tsiku lakuti anandibweza ndikupita kukachita zoipa. Ndipo wina akakulemberani kumbali kuti mawu a lero andikhudza ndili pa mavuto, muyimbireni kapena kamuoneni, musangomutumizira vesi lina.

Masiku a maliro ndi masiku owuma

Tsiku limene pa gulupu pagwa zovuta, siyani ndondomeko yanu ya buku lija. Musathamangire kufotokoza chifukwa chimene Mulungu walolera, simukudziwa, inenso sindidziwa. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 oyamba pamene anangokhala naye pansi osayankhula kanthu, zinayamba kulakwika atatsegula pakamwa kuti afotokoze. Mu March 2023 namondwe wa Freddy atawononga kuno kummwera, anthu ataya abale ndi nyumba, ndinaona mauthenga ena akuti ndi chilango cha machimo, ndinamva kuwawa kwambiri poganiza kuti mayi amene mwana wake wapita ndi madzi akuwerenga zimenezo. Masiku amenewo ndinkangotumiza Yohane 11:35 pamene Yesu analira pa manda a Lazaro, kapena Aroma 12:15 ya kulira ndi amene akulira, kapena Salimo 46, ndi kapemphero, kenako nkunena kumene tikusonkhanitsa zovala ndi ufa. Buku la Maliro chaputala 3 vesi 22 ndi 23, lonena kuti chifundo cha Mulungu chimakhala chatsopano mmawa uliwonse, linalembedwa Yerusalemu atawonongedwa, nde ndi mawu a munthu amene ali pakati pa mabwinja, mukhoza kuwapereka kwa wolira osachita manyazi.

Palinso masiku amene inuyo mwauma, mwawerenga ndime katatu palibe chikubwera, mwina mwayambana ndi abambo kunyumba kapena fizi yakuthinani. Musadzikakamize kupeka zozama, ndipo musakope za wina nkuzitcha zanu. Tumizani salimo lalifupi ndi pemphero la mzere umodzi basi. Ine ndimathawira ku Salimo 121, lija la kukweza maso ku mapiri nkufunsa kumene thandizo lichokere. Ife a ku Zomba salimo limeneli ndi lathu ndithu, ukangotuluka pakhomo phiri lili pamaso, ndipo mu June ndi July chiperoni chikabwera limabisika lonse mu nkhungu osaoneka olo pang'ono koma palibe amene amakayika kuti lilipo. Salimolo likuti thandizo likuchokera kwa amene analenga kumwamba ndi dziko lapansi, ndipo wotisungayo sawodzera. Zikapitirira masiku angapo muuzeni mnzanu wa pa gulupu akugwirireni sabata imeneyo, palibe cholakwika.

Kope lija musalitaye. Pamwamba pa tsamba lililonse lembani deti ndi ndime, pansi siyani mizere iwiri yoti madzulo mulembepo ngati inuyo mwachita chimene munauza anzanu mmawa. Limathandizanso kuti musabwereze chitsanzo chomwecho kawiri mwezi umodzi. Sabata yanu ikatha, amene akulandira muuzeni buku limene muli ndi vesi limene mwalekezera kuti apitirize pomwepo, ndipo ngati ndi koyamba kwa iye khalani naye usiku woyambawo mukonzere limodzi.